Kamfuno wa Lily

Lindiwe wa ku Ntcheu amalera mwana ku Al Furjan, kudziko la Aluya, m'nyumba ya makamera mpaka kukhitchini. Mwanayo ndi Lily, kamtsikana ka mafunso osatha. Kodi thukuta limawawa mchere bwanji? Nanga anyezi amaliritsa anthu chifukwa chiyani? Lindiwe sankasowa yankho, ngakhale lopeka. Mawu akuti sindikudziwa ankawaopa ngati njoka, poti mayi wa Lily, amene iye ankawatchula kuti madamu, anabweza kwawo wolera woyamba ati anali mbuli. Ntchito ikanatha, nayenso mwana wa Lindiwe wa ku sekondale akanakhala pakhomo posowa fizi.

Masana ena, kunja dzuwa likuswa mtengo, Lily anatulukira kukhitchini atagwira mphuno, magazi ali chuchuchu m'zala. Unali kamfuno, chifukwa mphepo ya eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba, imaumitsa m'mphuno. Lindiwe sanachedwe. Anachita zomwe ankamuchita iye ali mwana: anamukhazika pansi, n'kumupendeketsa mutu chagada kuti ayang'ane kudenga. Magazi analekadi kuoneka.

Koma kamwanako, kamwa lili yasa, kanafunsabe kuti tsopano magaziwo akupita kuti. Lindiwe anayankha mwachangu kuti akubwerera kumtima. Bodza lenileni! Anali kutsikira kukhosi, mwana n'kumameza.

Posakhalitsa Lily anadandaula mseru, kenako anasanza magazi akuda pakapeti woyera. Foni inalira nthawi yomweyo. Anali madamu, ataona zonse pa kamera ali kuofesi. Anamuuza kuti amuweramitse mwanayo kutsogolo, amutsine mphuno pofewa, asasiye mpaka iwo afike. Za ntchito sananene kanthu, ndipo n'zimene zinamuopsa kwambiri.

Lindiwe anakhala choncho, zala zili pamphuno ya mwana wa eni. Anapemphera chamumtima, akudzitukwananso. Ha, chaka chonse akuyankha za nyenyezi ndi nyerere, lero n'kugwa ndi kamfuno, matenda a tsiku ndi tsiku a kumudzi!

Madamu atafika, magazi anali atasiya. Anamunyamula Lily, anamuyang'ana m'mphuno, anayang'ana kapeti, kenako Lindiwe. Anangoti khalas, kutanthauza kuti basi, akambirana bambo a Lily akabwera, n'kukwera m'mwamba kukaimbira dokotala.

Lindiwe anagwada n'kuyamba kuchapa kapetiyo ndi madzi ozizira. Lily anabwera mwakachetechete, kathonje kopukutira mphuno kali m'manja, n'kukhala pambali pake. Anali atamva mayi ake pafoni akutchula za tikiti ya ndege.

"Anti, kodi mukupita kwanu ngati anti aja?"

Lindiwe anatsegula pakamwa kuti apeke yankho monga mwa masiku onse, koma silinabwere. Anafinya nsanza mundowa, madzi n'kufiira.

"Sindikudziwa, mwanawe," anatero.