Ntchembere ya ku Chikwawa pa Ayisi

Ndinabadwira ku Chikwawa, kumene dzuwa limawotcha mpaka mbuzi kubisala pansi pa nkhokwe. Ayisi amene ndinkamudziwa ndili mwana ndi wa m'mafilizesi tinkayamwa poweruka kusukulu uja basi.

Ku Dubai ndinabwera kudzalera mwana. Mabwana anga anali ndi kamtsikana kamodzi, ndipo Madamu, mayi wake, anakalembetsa maphunziro a masewera otsetsereka pa ayisi m'molo ina yaikulu, chinyumba cha mashopu ambirimbiri. Ntchito yanga inali kukamanga zingwe za nsapato, nsapato zija zokhala ndi chitsulo ngati mpeni kunsi kwake, kenako n'kukhala pabenchi nditafumbata botolo la madzi. Kamwanako sikankawafuna masewerawo, kankangolira. Ine maso anali pa atsikana akuluakulu amene ankapota ngati nguli, n'kudumpha, n'kutera ndi mwendo umodzi chafutambuyo. Osadziwa kuti pansi pa benchi miyendo yanga inkawatsanzira.

Kochi wake anali mayi wachikulire wochokera kudziko lozizira, munthu wosaseka wamba. Tsiku lina anatsetsereka mpaka pamene ndinakhala.

"Iwe, miyendo yakoyo ikundisokoneza. Uyikhazike pansi, apo ayi ulowe muno."

Ndinaseka, iye osaseka. Anati Lamlungu masana amaphunzitsa akuluakulu, ndipo palibe amene amafunsa zaka za munthu pakhomo.

Lamlungu linali tsiku langa la ofu. Mmawa tinkasonkhana amayi a ku Malawi m'fulati ina ku Hor Al Anz kupemphera, kenako anzanga ankapita kukazungulira m'mashopu a ku Al Rigga. Lamlungu limenelo ine ndinakwera sitima ya Metro ndekha kupita kumolo. Nditangoponda pa ayisi, miyendo inapita kwake, ine kwanga. Ndinagwa chagada, ndinagwa chafufumimba, ana aang'onoang'ono akundilambalala ngati chitsa. Kochi ankangoti, "Yalla, dzuka." Ndinabwerera kunyumba matako ali ndwii kutupa, koma mtima ukuvina.

Madamu anadziwa chifukwa cha kutsimphina kwanga. Anandiitanira kukhitchini.

"Ndamva zimene ukuchita. Ukathyoka mwendo, mwana wanga amunyamula ndani?"

"Madamu," ndinatero, "kuyambira Lolemba mpaka Loweruka miyendo iyi ndi yanu. Lamlungu ndi yanga."

Anangoti, "Khalas, zatha," n'kutuluka. Kwa masabata angapo ankandilankhula kudzera mwa mwana, koma sanandichotse ntchito.

Kumapemphero ndiye kunali moto weniweni. Mtsogoleri wathu, mayi wa ku Zomba amene anakhalitsa kuno kuposa tonsefe, ananditengera pambali.

"Mwananga, anzako akumanga nyumba kumudzi, iwe ukugula mabala. Ntchembere yonse iwe, kumakakweza mwendo pagulu? Zimenezo ndi za ana a azungu."

"Mayi, nyumba ndikumanga, malata anafika kale. Koma sindinakwere ndege kudzasanduka malata ine."

Sanakondwe. Lamlungu lotsatira anandipempherera mokweza, kuti Ambuye andichotsere mzimu wa chibwana. Ndinavomera ameni limodzi ndi anzanga, kenako ndinanyamula chikwama changa ulendo wa kumolo.

Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndisiye kugwira khoma. Kuyenda chafutambuyo kunabwera pambuyo pake, kenako kupota. Masiku oyamba ndikapota ndinkachita chizungulire mpaka kusanza. Masitepe ndinkayeserera m'kachipinda kanga nditavala masokosi, pa matayilosi, mwana akagona masana. Kochi anandipatsa nsapato zakale za wophunzira wake wina amene anasiya, ndipo tsiku limene ndinadumpha koyamba n'kutera bwinobwino osagwa, sanandiyamikire. Anangoti, "Kuli mpikisano wa akuluakulu. Ndakulembetsa."

Diresi anandisokera telala wina wa ku Karama, bambo wa ku Pakistan, amene anadabwa nditamupatsa chitenje. Vuto linali masokosi aatali aja amavala onse ampikisano, ofika m'chiuno. M'shopu anandiuza kuti ndi a mtundu wa khungu. Ndinawayika pamkono panga n'kufunsa kuti, "Khungu la ndani?" Wogulitsayo anangokweza mapewa. Ndinawagula, n'kukawanyika m'chidebe cha dayi wakuda wosakaniza ndi masamba a tiyi, mpaka anafanana ndi ine.

Pa nyimbo tinakangana ndi kochi. Iye ankafuna ya piyano, poti majaji anazolowera zimenezo. Ine ndinati ndivinira ulimba wa kwathu ku Chigwa cha Shire, womwe malume anga ankaimba pa maukwati. Anamvetsera pafoni yanga atatsinzina, kenako anati, "Ikuthamanga kwambiri. Ugwa."

Ndipo ndinagwadi. Pa kudumpha koyamba penipeni ndinapezeka ndili pansi, ulimba ukupitirira osandidikira. Ndinadzuka n'kuuthamangira, ndinaupeza chakumapeto. Ndinakhala womaliza. Mwa anthu onse amene ndinawaitana panabwera mmodzi yekha, mnzanga wa ku Chipata wogwira ntchito musaluni, amene analulutira mpaka alonda kumuyang'ana. "Iwe, wagwa bwino maningi!" anatero, tonse n'kuseka mpaka misozi.

Chaka chotsatira ndinabwereranso ndi ulimba womwewo. Nditafika pakati pa bwalo, wolengeza anatchula dzina langa, n'kunena kuti ndine wa ku Mali. Nyimbo inayamba. Ine ndinangoima, manja m'chiuno. Anaizimitsa, mkulu wa majaji n'kundikodola kuti vuto n'chiyani.

"Dziko langa ndi Malawi," ndinatero. "Anenenso."

"Ndi zazing'ono zimenezo, nthawi ikutha."

"Anenenso, ndiyamba."

Kochi anagwira kumutu. Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kuseka. Wolengeza uja anakonza kukhosi n'kutchula Malawi bwinobwino, ndipo ndinavina. Anandidula malikisi chifukwa chochedwetsa mwambo, komabe ndinakhala wachitatu. Mendulo yake inali yopepuka ngati chitsekerero cha botolo, koma ndinaivala mu Metro ulendo wonse.

Mabwana anga atasamukira kudziko lina, kochi anandilankhulira kwa eni ake a bwalo la ayisi la kumolo lija, ndipo anandilemba ntchito yopereka nsapato kwa makasitomala. Ndinapeza bedi m'chipinda cha anthu ambiri ku Karama. Kuyambira pamenepo ndinkalowa pa ayisi mmawa uliwonse molo isanatsegulidwe, ali wosalala, wopanda chikanda n'chimodzi chomwe. Ndinapikisana kuno ndi ku Abu Dhabi, zaka zingapo. Kamodzi ndinakhala woyamba. Kanema wake anayenda m'mafoni a amayi a kumapemphero, ndipo mayi a ku Zomba aja anandipatsa moni wa dzanja n'kuti, "Koma diresilo likanatalikirako." Kupitirira apo sanathe, ndipo ine sindinawaumirize.

Mayi anga kumudzi anauonera kanemayo pafoni ya mchemwali wanga. Anaimba n'kufunsa ngati amandilipira ndikavina choncho. Nditati ayi, anati, "Ndiye ndiwe wamisala ngati bambo ako." Bambo anga anali munthu wopalasa njinga kuchoka kwathu kukwera phiri lonse mpaka ku Blantyre pongofuna kukaonera mpira. Mayi angawo ndinawathokoza.

Bondo lakumanja, lomwe ndimaterera, linayamba kutupa chaka chatha. Dokotala, mnyamata waulemu wa ku Kerala, analiunika n'kupukusa mutu.

"Mayi, pa msinkhu wanuwu, kudumpha kuthe."

"Nanga kupota?"

"Kupota pang'ono mukhoza."

"Nanga kuthamanga chafutambuyo mwendo umodzi uli m'mwamba?"

Anavula magalasi n'kundifunsa kuti kodi ndimagwira ntchito yanji kwenikweni.

Ndinalira tsiku limenelo, sindibisa, chifukwa kudumpha ndinakuvutikira kuposa china chilichonse pa moyo wanga. Koma pali gawo lina la mpikisano limene saona kudumpha, amaona kavinidwe. Ndalembetsa kumeneko. Ndine wamkulu kuposa onse, ndipo bondo ndimalimanga ndi bandeji pansi pa masokosi. Amene akufuna ndichoke pa ayisi abwere ndi machira.