Mfuti Imene Ndinaidumpha

Dzulo ndikuthira mafuta makina anga osokera kuno ku Cuamba, fungo lake linandikumbutsa mfuti ya bambo anga ku Itepela. Anawasulira ndi mmisiri wa ku Mandimba, thabwa lake anasema molingana ndi phewa lawo. Chaka china inayamba kuphonya, nguluwe zikutithera chinangwa.

Bambo anatsuka mpope wake, anamangitsa zitsulo, anasintha wonga. Akalemba chizindikiro ndi khala pamtengo, chipolopolo chinkapitabe kumanzere. Ine ndinkadziwa chifukwa chake: tsiku lina pothamangitsa nkhuku ndinaidumpha ili pamphasa. Ndinasunga chinsinsicho masabata awiri, chakudya osandilowa.

Pomaliza ndinakagwada pafupi nawo. "Ababa, ndinaiwononga ndine. Ndinaidumpha."

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anandiimika pamene ankawomberera paja. "Amina, chizindikiro chija ukuchiona pati?"

Ndinaloza. Nawonso analoza, koma chala chawo chinalunjika pambali.

"Mfuti ilibe mlandu, mwanangu. Nawenso ulibe," anatero akutikita diso lakumanja.

Ndinathamangira kwa amayi ndikuseka, poti bambo anali atandikhululukira. Ndinadzazindikira nditakula kuti tsiku limene mtima wanga unapepuka ndi lomwe bambo anavomera kuti maso awo akutha.