Mutu Ngwa Mdala, Miyendo Nja a Zimba

Mukafunsa munthu wa ku Chikomeni kuti a Esau Zimba ndi ati, sataya nthawi ndi nkhope. Akuuzani za miyendo. Bambowa anali ndi matewe oti galu n'kudutsa pakati osakhudza bondo, koma miyendo yomweyo ndiyo inkadyetsa banja. Ankanyamula katundu wa anthu pa njinga mpaka ku boma la Lundazi: mabelo a fodya, matumba a mtedza, mwinanso mbuzi yomangirira m'dengu. Pa chitunda pomwe anzawo ankatsika n'kumakankha, iwo ankakwera akuimba nyimbo ya ku tchalitchi, ndime zonse.

"Mulungu ananipinda dala," ankatero a Zimba. "Anadziwa kuti pakati apa pazangena njinga."

M'chaka cha 1990, akuluakulu a chipani cholamula m'deralo anaganiza zoimika chiboliboli cha Pulezidenti, yemwe anthu ankangomutcha Mdala, pa mphambano pomwe njira ya kumidzi imakumana ndi msewu wa ku boma. Ntchitoyo anapatsa a Haswell Mvula, mmisiri womanga ziliza za simenti. Nkhope sinavute, anaitenga pa chitenje cha chipani. Koma chitenje chimalekezera m'mapewa. Nanga thupi akanalitenga kuti? A Haswell anayang'ana amuna okhala pa mphambanopo: ena mimba kutsogolo, ena kuwonda ngati phesi. Asanasankhe n'komwe, a Zimba anatsamiritsa njinga pa mtengo, nabwera kudzaima mowongoka, chifuwa chili panja.

Tepi yoyezera inali itasowa kalekale, ndiye a Haswell anathyola bango. Anayeza nalo msana, manja, ntchafu, nabwereza pa mawondo. Ali mkati moyeza, anatulukira a Faides, mkazi wa a Zimba, amene aliyense amawatcha NyaMtonga, chigubu cha chakumwa cha munkoyo chili pamutu. Kwathu kuno bango amayezera maliro, kuti okumba manda adziwe utali wa dzenje.

"Awiske Loyce! Mwafa liti kuti akupimeni na bango?" anakuwa, kuitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo.

"Anyina Loyce, iyi ni nchito ya boma. Khalani chete."

"Boma lilibe miyendo yake?"

Tsiku lovundukula chibolibolicho, nsalu itangogwa, amayi a kwaya anaphonya nyimbo. Kumtunda kunali Mdala ndithu, dzanja lili m'mwamba. Koma kuyambira m'chiuno kutsika, thalauzi la simentilo linali litapindika bwinobwino ngati mauta awiri oyang'anizana. A Haswell analumbira kuti anayesa kuwongola, koma waya wa m'kati mwa simentiyo unatsata bango. Palibe anaseka mokweza, pajatu masiku amenewo kuseka kunali ndi malo ake. Anthu anakasekera kunyumba.

A Zimba okha ndiwo sanaone choseketsa. Akamadutsa pamenepo ankaliza belu, n'kupereka moni: "Monire Mdala! Muisunga bwino miyendo yanga?" Mbalame zikaipitsa, ankatsuka ndi madzi a m'botolo lawo lakumwa, koma oona amati ankayambira m'mawondo, kumutu n'kumalizira ndi madzi otsala.

Kenaka kunabwera chisankho cha 1991, Mdala n'kugonja. Mvula yoyamba isanagwe, anyamata a chipani chatsopano anagwirizana zokagwetsa chibolibolicho. Wowatsogolera anali Obby, mwana wa mlongo wawo wa a Zimba, amene anabwerako ku migodi ndi magalasi akuda komanso mawu ambiri. NyaMtonga anazimva ali ku chigayo. Anasiya chimanga pa mzere, nathamanga kukaimitsa amuna awo pa msewu.

"A Obby abweleka nyundo. Akaphwanya mawondo aja, imwe muzayenda na chani? Nizakunyamulani pa msana ine?"

"Ine ndine mkulu wa mpingo," anatero a Zimba. "Simenti ni simenti. Zamasenga izo."

Anatero ndithu. Koma matumba a mtedza wa eni ake anawatsitsira pakhomo pa munthu wosamudziwa, ndipo amene anawaona akupalasa tsikulo akuti nyimbo sinamveke.

Anapeza anyamata atazungulira kale, Obby atakweza nyundo. A Zimba anaimika njinga patsogolo pa chibolibolicho, nakhala pa kaliyala ngati munthu wodikira basi.

"Asibweni, chokani," anatero Obby. Ndimo mmene Atumbuka amaitanira malume. "Nthawi ya uyu yasila."

"Ya uyu yasila, inde. Naine n'navota, sin'kuuza kuti kuti. Koma yanga ikalipo. Yang'ana bwino, mwana wa mlongo wanga. Mdala unamuonapo na matewe?"

Anyamata ena anayamba kuseka. Mmodzi anakuwa kuti, "Ni zoona, Obby, ufuna kuthyola asibweni ako!"

"Chabwino," anatero Obby, atavula magalasi. "Kuchoka m'khosi kuyenda pansi ni kwanu. Mutu ni wathu."

"Tengani," anayankha a Zimba mosataya nthawi.

Apo n'kuti NyaMtonga atafika, wefuwefu, ufa uli m'nsidze. "Mutenge chani? Amuna anga aimilile pa msewu alibe mutu, anthu onse a ku Chipata aziona? Obby, n'nakusambika ine uli na zipele. Ika pansi nyundo iyo."

Anatuma munthu kukaitana a Haswell. Mmisiriyo anafika, nagogoda chibolibolicho ndi chala, nafotokoza kuti chitsulo chake n'chimodzi kuchokera pa liwombo mpaka ku chidendene, ukagwedeza mutu ming'alu itsika thupi lonse. Kaya zinali zoona kaya ankangoikira kumbuyo ntchito ya manja awo, palibe akudziwa. Mkangano unatha chonchi: chiboliboli chichoke pa msewu wa anthu onse, a Zimba apite nacho kwawo chathunthu, koma akachiimike choyang'ana ku chigafa cha fodya, osati ku njira.

Anabwereka ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Anyamata omwe anabwera kudzaphwanya aja ndiwo anakumba pansi pake, a Zimba akulamula ngati kapitawo. "Pang'onopang'ono! Iwe, gwila m'chiuno, osati pa bondo!" Anachipendeketsa, nachikweza pa mitengo. Chitatsala pang'ono kugona m'ngolo, ng'ombe imodzi inalumidwa ndi chimphanga n'kudzuka nayo ngolo. Kunamveka kuti thyo! Bondo lakumanzere la simenti linang'aluka, chidutswa n'kugwera mu fumbi.

Palibe anayang'ana chiboliboli. Maso onse anatembenukira kwa a Zimba. NyaMtonga anagwira pamutu.

A Zimba anamva kanthu kozizira kakuyenda m'mwendo ngati nyerere. Anaima duu, kumvetsera bondo lawo monga mmene munthu amamvetsera tayala lomwe akulikayikira. Kenaka anakweza mwendo wakumanzere, naupinda, nauwongola. Anauponda pansi mwamphamvu. Anapondanso, fumbi koboo, ndipo poti mwendo unali utayamba kale, anangopitiriza kuvina ingoma pakati pa msewu, anyamata akuomba m'manja. Atatopa anakweza NyaMtonga pa kaliyala, natsogolera ngolo mpaka kumudzi. Chitunda chija anachikwera osatsika, mayi akukuwa kuti awatsitse.

Chibolibolicho chikadali kuseri kwa nyumba yawo. A Haswell anamata bondo lija, NyaMtonga amayanika nyemba pa mthunzi wake, ndipo dzanja lokwezalo lakhala pomangirira chingwe cha zovala. Obby akabwera kudzacheza amakhala chofulatira.

M'chaka cha 1997, a Zimba anayamba kudandaula bondo pakazizira. Koma linali lakumanja. Nkhaniyi inagawa mudzi. Amuna a pa nsolo ankati apa ndiye zaoneka kuti simenti ilibe mlandu. NyaMtonga ankati ayi, mukaima moyang'anizana ndi chiboliboli, kumanzere kwake kumakhala kumanja kwanu, ndipo amuna awo amaima choncho m'mawa uliwonse. A Zimba ankaseka onsewo. Ankati ndi ukalamba basi, wopalasa njinga zaka zonsezi bondo lingalephere bwanji kulankhula, ndipo ku boma ankapitabe ndi mabelo awo.

Loweruka lina anakumana ndi a Haswell pa msika wa ku Lundazi. Anawakokera pambali, kuseri kwa ogulitsa nsomba za kapenta, nayang'ana uku ndi uku.

"A Mvula, mukapeza kasimenti kotsala pa chiliza, mubwele muwonjezele pa bondo paja."

"Lawawanso?"

"Iyayi, ine nili bwino. Ni mvula ya chaka chino. Ingangene mu mng'alu."