Mafuta a Dzuwa a Nuriya

Nuriya ndinamudziwira m'kanyumba kathu ka ku Bin Omran, komwe amayi a ku Malawi timakumana Lachisanu tikapuma. Anali mkazi wa ku Ntaja, wamfupi, woseka mpaka misozi, ndipo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Markhiya. Ine ndimakolopa pa kiliniki ina ku Al Sadd, ndiye ntchito zathu zinali pachibale. Chimene chinkandiseketsa n'chakuti akangovula nsapato pakhomo, moni asanamalize, ankayamba za dzuwa: lero laswa mtengo, dzulo linabisala m'fumbi, kaya kwathu likuwomba bwanji. Ku Doha ndani sadziwa kuti kunja kukutentha? Tinamutcha Zanyengo, ndipo ankavomera dzinalo osakwiya.

Chifukwa chake tinachidziwa tsiku lomwe anationetsa chithunzi pa foni. Kanali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, koyera mbee, katatsinzina pansi pa chipewa chachikulu kuposa mutu wake. Ameneyo anali Raihana, mwana wake yekhayo, wobadwa ndi chialubino. Bambo ake anamuona kamodzi kuchipatala, n'kunena kuti kumtundu kwawo kulibe zoterozo, ndipo sanaonekenso. Nuriya analera yekha mwanayo mpaka atayamba sukulu, kenako anamusiya m'manja mwa mng'ono wake Rabia n'kukwera ndege.

"Achemwali, ine sindinabwerere nyumba ya malata ayi," ankandiuza. "Ndinabwerera khungu la mwana wanga. Zipewa, malaya a manja aatali, mafuta a dzuwa. Kuchipatala amagawa, koma mwezi uno alipo, mwezi wamawa khalas, atha."

Madamu ake anali mzungu amene anasiya ntchito ya mu ofesi kuti azikhala pakhomo ndi ana ake awiri, ndipo ankazinena monyadira alendo akabwera. Sindikuwanyoza, anali munthu wamtima wabwino, koma wosambitsa, wodyetsa ndi wotonthoza ana aja anali Nuriya. Madamu ankakhaladi pakhomo, palibe angatsutse. Ana akapita kusukulu, madamuwo ankadzola mafuta thupi lonse, n'kugona pambali pa dziwe losambiramo, n'kumatembenuka ngati chimanga chowotcha. Nuriya ankawayang'ana pazenera la kukhitchini, kukamwa kuli yasa. Khungu loyera ngati la mwana wake, lili pa dzuwa la ku Doha, osatuluka matuza, m'malo mwake likungoderako n'kumaoneka lolimba! Anatsimikiza kuti chinsinsi chili m'mabotolo a bulauni onunkhira kokonati aja.

Tsiku lina madamu anabwera kuchokera kuchipatala ndi bandeji paphewa, ali duu. Kudziwe kuja anasiyiratu kupitako, ndipo mabotolo onse anawataya mu bini, ena osatsegula n'komwe. Wantchito safunsa za bandeji ya abwana, ndiye Nuriya sanafunse. Anangotola mabotolowo n'kuwapukuta. Pa lililonse panali chithunzi cha dzuwa, komanso liwu la Chizungu lotanthauza dzuwa, limodzi mwa mawu ochepa omwe ankatha kuwerenga. Anawakulunga m'chitenje, kumata ndi tepi, n'kupatsira Che Hashimu, dalaivala wa ku Liwonde amene ankapita kwawo kutchuthi.

Lachisanu limenelo anatigulira tonse tiyi wa karak. Anatiuza kuti Mulungu wamutsegulira khomo, wapeza mafuta a dzuwa okwana chaka chonse, ndipo tinaimba nthungululu mpaka oyandikana nafe anagogoda khoma. Kenako anajambula mawu pa foni tonse tikumva.

"Raihana mwanangu, ndakutumizira mafuta enieni a azungu. Ukadzola amenewa uzikasewera fulaye ndi anzako. Zomangokhala pakhonde ngati nkhalamba zija zatha."

Mawu amenewo ndimawamvabe, ndipo amandilasa mtima. Mwana amene moyo wake wonse ankaonerera masewera ali pamthunzi anamva mayi ake akumumasula, ndiye anathamangadi. Chipewa chinkagwa akamazinda mpira, choncho anachisiya pakhomo. Malaya aatali ankamutenthetsa, anawavula. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene ngakhale mbuzi zimafuna mthunzi. Rabia ankamudzoza m'mawa ndi masana mokhulupirika, ndipo khungu litayamba kufiira anaganiza kuti akuumira mafuta, n'kuyamba kuwonjezera. Anatuluka matuza pakhosi ndi m'mapewa, khungu linasupuka, ndipo kuseri kwa khutu kunabuka chilonda chokana kupola. Rabia anayamba wabisa, poopa kudandaulitsa mkulu wake ali kutali. Chilonda chitayamba kutuluka magazi m'pamene anatumiza chithunzi.

Nuriya anatenga foni n'kukagwada kwa madamu. Anapepesa kuti anatola zinthu mu bini osapempha, n'kufunsa ngati alipo mafuta ena amphamvu kuposa aja, poti aja akuoneka kuti achepa mphamvu. Madamu anayang'ana chithunzi cha mwanayo, anayang'ana botolo la bulauni lomwe linali pambali pake pachithunzipo, n'kukhala pansi pomwepo pasimenti ya kukhitchini. Anamufotokozera pang'onopang'ono kuti mafuta aja satchinga dzuwa, ndi odzola anthu ofuna kuti liwawotche msanga khungu lidere. Anamuonetsa chipsera cha paphewa, pomwe adokotala anadula kadontho komwe kanali katayamba khansa chifukwa cha zaka zogona padzuwa. Ndicho chifukwa anawataya. Mafuta oteteza ndi ena, oyera ngati phala, ndipo botolo lake linali patebulo la kuchipinda kwa madamu, pomwe Nuriya ankapukuta fumbi tsiku lililonse. Koma m'kamwa mwathu onsewo timangoti mafuta a dzuwa.

Masana omwewo ndinangomuona Nuriya watulukira ku kiliniki kwathu, mpango uli pambali, tsiku la ntchito. Anakhala pabenchi ya odwala n'kundigwira dzanja lomwe linali ndi chokolopera.

"Achemwali, ndamuwotcha ndekha mwana wanga," anatero. "Wallahi, ndi manja angawa ndinamata tepi."

Ndinamuuza kuti si iye, chakudza sichiyimba ng'oma, koma mawu anga ankangogwera pansi. Ndinapsa mtima tsiku limenelo. Ndinakwiyira Rabia chifukwa chobisa, madamu chifukwa chotaya zinthu osanena kanthu, opanga mabotolo chifukwa chojambula dzuwa lomwetulira, ngakhale Che Hashimu amene analibe mlandu uliwonse. Nditatopa ndi kukwiya ndinakhala pambali pake, tonse n'kumalira, odwala akutiyang'ana.

Sabata yomweyo ananena kuti akubwerera kwawo kukakhala pakhomo. Winnie, mnzathu wa ku hotela amene sabisa mawu, anamuletsa.

"Mukadya chiyani kumeneko, anzanga? Ma contract ngati anuwa sapezeka wamba. Madamu akuti azigula mafuta enieni, inu muzingotumiza. Mafi mushkila, palibe vuto."

"Ana a madamu ndimadziwa kachipsera kalikonse pathupi pawo," anayankha Nuriya. "Wamng'ono akalumidwa ndi udzudzu, woyamba kuona ndine. Wanga chilonda chafika potuluka magazi, ine ndikuchionera pa foni. Ndikanakhala pakhomo ndikanaona tsiku loyamba lomwelo kuti khosi lafiira. Mafuta ndingatumize, Winnie. Nanga maso ndi manja ndipatsira ndani?"

Madamu anagula tikiti ndi katoni ya mafuta oyera aja, akulira, ndipo anapempha kuti Nuriya adikire kaye mpaka apeze wina woti aziyang'anira ana.

Lachisanu lomaliza tinakumana ngati kale, koma karak anazizira m'makapu. Rabia anali atapita ndi mwana kuchipatala, komwe anadulako kanyama pachilonda kuti akapime, ndipo zotsatira zinali zisanatuluke. Mabotolo a bulauni anali atawataya kuchimbudzi, koma Rabiayo sanamuuze mwana chifukwa chake. Nuriya anaimba foni kuti amuuze mwana wake zoti akubwera. Raihana anaoneka pagalasi la foni ali m'nyumba, bandeji kukhutu, atavala chipewa chake chachikulu chija.

"Amayi, musandikwiyire," anatero mwanayo asanapereke n'komwe moni. "Ndinkadzola tsiku lililonse ngati mmene munanenera, sindinadumphitse. Mwina ndinkadzola molakwika."

"Sunalakwe, mwanangu."

Raihana anayang'ana kumbuyo ngati pali wina, n'kusendera pafupi ndi foni, n'kuyamba kunong'ona.

"Botolo limodzi ndabisa, mayi aang'ono sakudziwa. Mukabwera mudzandidzoze nokha. Mukadzandidzoza inuyo adzagwira ntchito, ndiye ndidzabwerera ku fulaye."

Winnie anathawira kubafa. Ine ndinkayang'ana mnzangayo, Zanyengo wathu amene sankasowa chonena za dzuwa, akuyang'anitsitsa mwana wake pa foni.

"Ndikubwera, Raihana," anatero pomaliza. "Botololo usalitsegule. Undidikirire pamthunzi."