Tambala Wathu ndi Khonsolo Yomwe Idafa Kale

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anapeza ntchito ku bungwe lina la mpingo ku Nairobi, ife n'kukakhala ku Kawangware. Mayi, mlimi wa ku Dedza, sanathe mwezi asanayambe kudandaula kuti manja akuwayabwa. Kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa msewu, kunali kamalo kopanda ntchito, ndipo iwo analumbira kuti pamenepo pamera chimanga, zivute zitani.

Bambo anali munthu wa mwambo mpaka kutopetsa. "Mlendo salima asanaonekere kwa eni dera," anatero. Loweruka anavala suti, kugula tambala wofiira pamsika, n'kunditenga ine kuti ndikawamasulire, chifukwa Chiswahili chawo chinkathera pa moni, pamene ine ndinali nditachitola kale kwa ana anzanga.

Pafupi ndi pokwerera maminibasi, omwe kumeneko amawatcha matatu, panali nyumba yakale yamiyala, ndipo pakhoma pake pankaonekabe malemba ofufutika akuti ofesi ya khonsolo ya dera. Zoti m'katimo munkatuluka fungo la nyama yootcha sizinawadabwitse bambo. Anati maofesi akunja amadziwa kusamala antchito.

Pakhonde panakhala nkhalamba yovala jekete la mabatani achitsulo, dzina lake Mzee Gitau. Bambo ananjuta, n'kufotokoza chomwe tadzera. Mkuluyo anayang'ana tambala, kumeza malovu, n'kuyamba mbiri. Anati kuno sikunali Nairobi ayi. Dera linali ndi khonsolo yakeyake, yoweruza milandu ya mbuzi ndi malire a minda, ndipo iye ndiye ankaliza belu la misonkhano. Nairobi inali uko, kwa azungu, koyenda ndi chiphaso. Analankhula mpaka kukhosi kwanga kunauma, tambala n'kugona tulo m'manja mwanga. Pomaliza anaimirira, kukonza jekete, kulandira tambala uja, nati, "Kalimeni. Khonsolo yalola."

Chimangacho chinachita bwino zedi, moti mayi ankachiyendera m'mawa uliwonse asanatipatse ife moni. Koma titangotsala pang'ono kulawa dowe, kunatulukira lole yodzaza alonda a mzinda atanyamula zikwanje. Anati malamulo saloleza chimanga m'mbali mwa msewu chifukwa mumabisala akuba.

Bambo anatuluka mosatekeseka. "Tadala, auze kuti tinapempha ku khonsolo, ndi tambala yemwe."

Ndinawauza. Mkulu wawo anafunsa kuti khonsolo iti, ndipo nditaloza nyumba yamiyala ija anaseka mpaka kutsamira lole. "Bambo, khonsolo imeneyo idamezedwa ndi mzinda inu musanamere ndevu! Mmenemo ndi mogulitsira nyama."

Zikwanje zinalira. Mayi anaima manja ali m'chiuno, misozi ili lengelenge, ndipo zinandimvetsa chisoni kwambiri. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono. "Abambo ake Tadala, kani tambala uja munakapepesa naye maliro a khonsolo?"

Bambo anangoyamba kutola mapesi.

M'mawa mwake Mzee Gitau anabwera yekha, wopanda ndi manyazi omwe. Anati iye sananame: khonsolo yake idalola, vuto n'loti bambo sanakafunsenso khonsolo ya mzinda. Mayi anafuna kumuthira madzi otsukira mbale. Koma mkuluyo anatiuza kuti timutsatire, ndipo anatilowetsa kumpanda kwake. Kuseri kwa zipinda za lendi kunali kachigawo ka dothi lofiira, kotsala pa munda wa bambo ake umene mzinda unkaudya pang'onopang'ono mpaka kutsala pamenepo.

"Apa lole sifika," anatero. "Mayi, bweretsani khasu."

Mayi analima pamenepo zaka zonse zomwe tinakhala ku Kenya. Nkhaniyi tinkawaseka nayo bambo mpaka ukalamba wawo, iwonso n'kumaseka nafe. Koma tsopano, nditakhala m'mizinda ingapo momwe maofesi amasintha mayina ndipo palibe wodziwa kuti pansi pa msewu panali munda wa yani, ndimaona nkhaniyi mwanjira ina. Tsiku lija bambo analakwitsa ofesi, koma munthu wokamugwadira sanamulakwitse.