Tsiku limene anandiiwala m'chitsime

Ena mwa inu mukawerenga izi munena kuti nkhalambayi yayamba kubwebweta, koma ine ndikulumbira pamaso pa Mulungu amene anandilenga kuti palibe chimene ndawonjezera. Mayina sinditchula, chifukwa ana a anthu akewo alipo ndipo sanandilakwire kanthu.

Ine kwathu ndi kumapiri a ku Ntcheu, ndipo ntchito yanga kuyambira unyamata inali yosula zitsulo. Itangotha njala yaikulu ija ndinasiya mkazi ndi ana n'kulowa ntchito kwa mzungu wina amene ankakumbitsa zitsime, ndiye iyeyo ananditumiza kumpoto, kumudzi wina wa kumtunda kwa Tukombo, kumene amayi ankavutika ndi mtunda pokatunga madzi. Pagulu lonse la okumba, wochokera kutali ndinali ine ndekha. Anzangawo anali Atonga a pamudzi pomwepo, anthu abwino ndithu, kondowole ndi usipa sankandimana, koma mbale ankanditumizira kumsasa kwanga, ndiye ndinkadya ndekha kwinaku ndikumva kuseka kwawo chapatali. Chitonga ndinkangodziwa mawu othokoza aja oti yewu, basi. Kapitawo yekha ndiye ankayankhula nane Chinyanja, enawo akandifuna ankangoti ada, ndiko kuti bambo, n'kukodola ndi dzanja. Kodi munakhalapo pakati pa anthu ambiri kwa miyezi n'kumalakalaka ngakhale munthu woti mungokangana naye? Ine ndinafika pamenepo. Lamulungu ndinkapita nawo kutchalitchi, nyimbo n'kumazizindikira bwinobwino, koma mawu ake anali achilendo, ndiye ndinkangong'ung'udza kumbuyo.

Chitsimecho pamwamba chinali cha mchenga, ndipo tinatsitsamo mapaipi akuluakulu a simenti kuti dothi lisatigwere, koma titafika pakuya poti munthu wa pamwamba ankaoneka ngati kamwana, tinakumana ndi thanthwe lakuda. Thanthwe silimva piki. Umaboola timaenje, n'kuthiramo wonga, n'kuphulitsa. Kuboolako kumafuna anthu awiri, wina agwire chitsulo chachitali, ena amati tchizulo, wina azimenya ndi hamala, ndipo hamala ikangogwa wogwirayo amachitembenuza pang'ono, womenyayo n'kudikira kuti atembenuze, n'kumenyanso, choncho mpaka tsiku kutha.

Anthu amaona ngati chitsulo choboolera mwala ndi ndodo chabe yosongoka. Ayi ndithu. Chosongoka ngati mkondo chimangolowa n'kukanirira. Kukamwa kwake kumayenera kutakata kuposa thupi lake, kuti dzenje likule kuposa chitsulocho ndipo chizitha kuzungulira, ndipo timbali totulukira m'mphepeteto ife tinkatitcha makutu. Ukachiwotcha pamakala mpaka kufiira umachisula, kenaka umaviika kukamwa kokhako m'madzi, n'kuvuula, n'kumayang'anitsitsa mtundu ukuyenda pachitsulopo mpaka ufanane ndi udzu wouma, ndiye n'kuviika komaliza. Ukafulumira chimauma n'kumasweka ngati mbale yadothi, ukachedwa chimafewa n'kumangophwanyika kukamwa. Tsono thanthwe la kumeneko linali ndi ming'alu, ndipo chitsulo cha dzino limodzi chinkalowa mumng'alu n'kukana kutembenuka. Ndinaganiza masiku angapo, kenaka ndinasula china chachitali kwambiri, kukamwa kwake n'kukupanga ngati mtanda, mano anayi, kuti dzino lina likapeza mng'alu, anzakewo achigwire chisalowemo. Chinagwira ntchito, ndipo musandiseke, ndinkacheza nacho chitsulo chimenecho, kuchiuza za kwathu pochinola, poti nanga ndikanauza yani?

Tsiku lake kapitawo anali atapita ku Chintheche kukatenga wonga. Ndinatsika ndi womenya hamala wanga, mwamuna wa chifuwa chachikulu wosakonda kuyankhula, ndipo pamwamba panatsala amuna awiri opukusa chingwe, chifukwa polowa ndi potuluka tinkakwera m'chindowa chachikulu chotulutsira miyala. Dzuwa litayandikira paliwombo, thanthwe linali litadya makutu a chitsulo chija, dzenje n'kuchepa, ndipo chinakanirira, mbali yotsala kunja ikundifika m'chiuno. Tinachigwedeza tonse awiri, tinachimenya cham'mbali, koma chinangoti nji. Kenaka m'mphepete mwake munayamba kutuluka madzi ozizira, ndipo mnzangayo anaseka koyamba chimudziwireni, chifukwa ndi zimene tinkafuna miyezi yonseyi.

Ine manja anali akadali pachitsulo pamene ndinamva chikugunda. Hamala inali pansi, mnzangayo akusamba kumaso. Kugundako kunkachokera pansi, m'kati mwa thanthwe, kumabwera m'chitsulo n'kulowa m'zikhatho zanga: gu, kenaka kaye chete, kenakanso gu. Ndinamukodola kuti adzagwire amve yekha, koma asanafike tinamva mfuu ya amayi kumudzi, kulira kwa maliro kumene sikufuna womasulira. Opukusa chingwe aja anasuzumira n'kufuula mawu ambirimbiri m'Chitonga. Mnzanga uja nkhope inasintha, anadumphira m'chindowa, n'kundilozera ndi dzanja ngati akuti ndidikire, ndipo anamukoka. Ndinamva mapazi akuthamanga, kenaka zii.

Zimene ndinadzamva pambuyo pake n'zakuti kunabwera munthu wochokera kumigodi ya ku Joni atanyamula jekete ndi sutikesi ya mkulu wake wa mnzangayo, ndi uthenga woti mwini wake miyala inamutsekera mumgodi ndipo sanamutulutse. Maliro opanda mtembo amapweteka koposa, ndipo mudzi wonse unathamangira kumeneko. Koma ine pansipo sindinkadziwa kanthu. Ndinkangoyang'ana kumwamba kudikira chindowa, chili lende pamwamba penipeni, pamene sindikanachifikira ngakhale ndi nsungwi.

Madzi aja poyamba ankangonyowetsa mapazi. Kenaka mng'alu wina unatseguka pambali, ndipo anayamba kubwera mwamphamvu, m'akakolo, m'mawondo. Apa ndikuuzeni chinthu chimene anthu a kunyanja sachimvetsa: ine kusambira sinditha. Kwathu mitsinje ndi yoolokera wapansi, ndikanaphunzirira kuti? Ndinayesa kukwera khoma, koma thanthwe linali lonyowa, ndipo pamwamba pake panali simenti yosalala ija imene tinaika tokha. Ndinakuwa m'Chinyanja mpaka kukhosi kuuma. Nditaona kuti palibe akubwera, ndinayamba kukuwa mawu okhawo a Chitonga amene ndinkadziwa, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, kumira kwinaku ndikufuula kuti yewu, yewu. Lero ndimaseka ndikakumbuka, koma tsiku limenelo misozi inali mbwembwembwe.

Madzi atafika m'chiuno ndinaona kuti pokwera pokha ndi pachitsulo changa chokanirira chija. Mutu wake unali utaphwanyika ndi hamala, kukula kwake ngati pansi pa botolo, m'mphepete muli mano akuthwa. Ndinakwerapo ndi phazi limodzi lopanda nsapato, manja atagwira khoma, ndipo phazi likatopa ndinkasintha n'kuika linalo. Ndinkamva chitsulo chikundicheka kuphazi, koma ndikanatani? Madzi anakwerabe, ananditsatira mpaka pamimba, pachifuwa, ozizira moti mano ankangogundana. Kumwamba kadzuwa kaja kanachoka pakamwa pa chitsime, n'kutsala kabwalo kakang'ono ka mtambo. Kulira kwa maliro ndinkakumva bwino, anthu ambirimbiri kulirira munthu mmodzi, ndipo chimene chinandiwawa kuposa mantha chinali chakuti ine ndikamira pano palibe amene adzadziwe ngakhale njira ya kwathu kuti akauze mkazi wanga. Ndinadzimvera chisoni kwambiri, sindibisa.

Madzi atandigwira pachibwano, ndikupuma moyang'ana kumwamba, kugunda kuja kunayambiranso pansi pa phazi langa. Gu, chete, gu. Kunali kumenya kwa munthu wodziwa ntchito, amene amamenya n'kudikira kuti mnzake atembenuze chitsulo. Ndipo apa ndi pamene ambiri amapukusa mutu ndikamafotokoza: kukagunda, chitsulocho chinkakwera pang'ono. Chitsulo chimene amuna awiri tinalephera kuchigwedeza, ine n'kuchipondanso ndi thupi langa lonse, chinkandinyamula pang'onopang'ono ngati mmene bambo amakwezera mwana kuti aone gule. Madzi anachoka pachibwano n'kubwerera m'khosi. Akakweranso, kugunda n'kubweranso. Tsitsi linaima, ndipo ndinkafuna kudumpha, koma kudumphira kuti? Patapita nthawi ndinazindikira kuti ndayamba kuyankhula naye wogundayo, kumuuza dzina langa, mudzi wanga, mayina a ana anga, n'kumupempha kuti asatope. Ndikunena zoona, chifikireni kudera limenelo, imeneyo inali nthawi yoyamba kumva kuti ndili ndi munthu.

Dzuwa litapendeka ndinaona chingwe chikugwedezeka, n'kumva mawu a amayi awiri. Musaganize kuti anabwerera ine. Anatumidwa kudzamasula chindowa chija kuti akatungire madzi a pamaliro, poti chinali chachikulu kuposa zonse pamudzipo. Nditabuula, mmodzi anathawa akukuwa, kuganiza kuti ndi mzimu, koma winayo analimba mtima n'kusuzumira, ndipo ataona mutu wanga uli pamwamba pa madzi anaitana amuna. Chindowa chitangokhudza madzi, kugunda kuja kunaleka, ndipo sindinakumvenso.

Kapitawo atabwerako ndi amene anandimasulira zonse, ine nditagona pamphasa, mapazi atakulungidwa nsanza. Anati opukusa chingwe aja aliyense ankaganiza kuti mnzake wabwerera kukanditulutsa, ndipo atawakalipira, anayankha modabwa kuti ngakhale madzi akanadzaza, iwo ankadziwa kuti ndingoyandama n'kukwera nawo limodzi. Sanali kunama ndipo panalibe nkhanza. Kwa iwo mwana amasambira asanadziwe kuvala, ndiye zoti pali mwamuna wamkulu wosatha kusambira zinali zosaganizirika, moti ena anabwera kudzangondiona ngati chodabwitsa. Nditamufotokozera za kugunda kuja, kapitawoyo anandiuza kuti malemuyo ntchito yake ku Joni inali yoboola miyala. Womenya hamala wanga uja anabwera maliro ali mkati, anakhala pambali panga, n'kugwira phazi langa ndi manja awiri, akulira.

Titadzakapa madzi aja patapita masiku, chitsulo chija tinachipeza chili chokwera, ndipo chinazuka ndi dzanja limodzi. Mzungu wathu atamva anati ndi mphamvu ya madzi a pansi imene inachikankha, ndipo mwina ankanena zoona, iye ankadziwa za madzi kuposa ine. Koma madzi amadziwa kudikira kuti mnzawo atembenuze chitsulo? Ine chimene ndimakhulupirira n'chakuti nthaka ndi imodzi, kuyambira ku Joni mpaka kuno, ndipo munthu amene anafera yekha mumdima, akuitana osayankhidwa, anamva wina akuitana chimodzimodzi ndipo sanathe kupirira. Sankandidziwa, chiyankhulo changa mwina sankachimva, komabe tsiku limenelo amoyo anabwerera chindowa, ndipo amene anabwerera ine anali wakufa.

Tsono inu amene mumagwira ntchito ndi mlendo, kaya ndi kumunda, kaya ndi kudzenje, kumupatsa chakudya kokha sikukwanira. Mufunseni dzina, mufunseni kwawo, mufunsenso chimene sachitha, chifukwa chimene inu munabadwa nacho iye chikhoza kumupha. Ndipo mfuu ya maliro ikamveka, musanathamangire kukalira amene wapita kale, yambani mwasuzumira m'dzenje muone ngati simunasiyemo wamoyo.