Kachitsulo ka Agogo pa Msomali

Agogo aamuna ndikawakumbukira, ndimamva fungo la polishi losakanikirana ndi utsi woyabwa kukhosi wa kumgodi, umene unkakuta Mindolo mphepo ikatembenuka. Ankakhala pakhonde kupukuta majombo amene anasiya kalekale kuvala, akuimba nyimbo za kwaya mokweza mpaka nkhuku kubalalika, makutu awo aakuluwo akugwedera.

Koma zinkafika nyengo zina nyimbo zija n'kuzima. Ankagona kuyang'ana khoma kwa masabata, osadya, osasamba. Akamva kuti zayandikira, ankatenga kachitsulo ka nambala yawo ya kumgodi n'kukakoleka pa msomali wa pachitseko.

"Munthu akamatsika amasiya nambala pamwamba," anandiuza tsiku lina. "Anzake akaiona sapita kunyumba, amadziwa kuti wina akadali pansi."

Ife tinkadikiradi. Amayi ankawaphikira phala, ine n'kumapukuta majombo aja m'malo mwawo, ndipo ndinkawasowa koopsa ngakhale anali m'chipinda chomwecho.

Tsiku lina pampopi, mayi wina woyandikana nafe anakoka mwana wake kumuchotsa pafupi nane. "Iwe, choka apo! Banja ili lili na majini, vili mu magazi."

Ndinathamangira kwa agogo ndikulira, chidebe ndataya. "Agogo, nanenso nizadwala?"

Sanandinamize. Anandikoka khutu, lomwe ndi lawo lenileni. "Kaya, mwaiche, kamwana iwe. Matu aya wanitengela kale, pepa. Ngati vinangu vizabwela, msomali ulipo."

Funso limenelo ndi limene linandipititsa ku udokotala wa matenda a maganizo. Lero ku Ndola ndimafufuza mmene matendawa amayendera m'mabanja, kudzera mu tizinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo. Pachingerezi dzina lake limamveka ngati majini. Amayi atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba: "Sukulu yonse ija, wabwelela ku majini yamene yaja?"

Yankho lenileni sindinalipezebe. Chimene tikudziwa n'chakuti magazi amangotsegula chitseko pang'ono, sakankhira munthu mkati.

Agogo anatisiya ndisanamalize sukulu, ndipo kachitsulo kaja anandisiyira ine. Chaka chatha, nyengo zija zitandifikira nanenso, ndinakakoleka pachitseko changa. Mwana wanga wamkazi, wa makutu omwe aja, anakayang'ana, n'kukoka mpando kukhala pafupi ndi bedi.

"Amami, tili pamwamba. Sitiyenda."